Glaucoma, Chitetezo cha M'thupi ndi Maselo a Mtsempha wa Diso: Mafunso ndi Mayankho

Odwala glaucoma, abale awo komanso ophunzira zachipatala akamva kuti chitetezo cha m'thupi chimatengako mbali pa kuwonongeka kwa maso, amakhala ndi mafunso ofanana. Tasonkhanitsa mafunso amenewa pano, kuyambira osavuta mpaka ozama, ndipo pamene yankho lina likudalira linzake tasonyeza pomwe mungapeze mfundoyo.

Kodi glaucoma imawononga chiyani kwenikweni m'diso?

Kumbuyo kwa diso, cham'kati, kuli kachikopa kopyapyala kotchedwa retina, kamene kamalandira kuwala. M'kachikopa kameneka muli maselo amene ntchito yawo ndi kutumiza ku ubongo uthenga wa zimene diso laona, ndipo m'nkhani ino tiziwatchula kuti maselo a ganglion. Selo lililonse lili ndi ulusi umodzi wautali. Ulusi wonsewo, umene m'diso limodzi la munthu umakwana pafupifupi 1.2 miliyoni, umasonkhana pamalo amodzi n'kupanga mtolo umene timautcha mtsempha wa diso. Potuluka m'disomo, ulusiwo umadutsa m'timabowo ting'onoting'ono ta kachiwalo kooneka ngati sefa kotchedwa lamina cribrosa, ndipo pamalo opanikiza amenewa m'pamene kuvulala kumayambira nthawi zambiri.

Glaucoma ndi gulu la matenda amene amapha maselo amenewa pang'onopang'ono. Mtundu wofala kwambiri sumapweteka, ndipo munthu amayamba kutaya kuona kwa m'mbali asakudziwa chifukwa diso linalo ndi ubongo zimabisa mipatayo. Imasiyana ndi ng'ala, imene dokotala akaichotsa munthu amaonanso, chifukwa selo la ganglion likafa silibwereranso. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2014 anawerengera kuti anthu a zaka 40 mpaka 80 odwala glaucoma adzakwana 76 miliyoni mu 2020 ndi 111.8 miliyoni mu 2040. Anthu ochokera m'mitundu ya ku Africa amadwala mtundu wofalawu mochuluka kuposa azungu, ndipo umawayamba akadali ocheperako zaka.

Madokotala amanena kuti vuto ndi mphamvu ya madzi a m'diso. Nanga chitetezo cha m'thupi chikulowamo bwanji?

Mbali ya kutsogolo ya diso imakhala ndi madzi oyera amene amapangidwa usana ndi usiku, n'kumatuluka kudzera m'kanjira kosefa kotchedwa trabecular meshwork. Kanjirako kakayamba kuthina, madzi amachuluka ndipo mphamvu imene amakankhira makoma a diso imakwera. Mwa anthu ambiri mphamvuyi imakhala pakati pa 10 ndi 21 mmHg. Kuitsitsa ndi chithandizo chokhacho chimene chatsimikizika kuti chimachedwetsa matendawa, ndipo palibe chilichonse m'mayankho otsatirawa chimene chikusintha mfundo imeneyi.

Komabe mphamvu ya madzi payokha siifotokoza zonse. Pa kafukufuku wa Early Manifest Glaucoma Trial wa ku Sweden, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, matenda anapitirira kukula mwa odwala 62 pa 100 alionse amene sanalandire chithandizo, koma anakulanso mwa 45 pa 100 alionse amene analandira. Chithandizo chinathandizadi, koma anthu pafupifupi theka anapitirizabe kutaya maselo. Palinso anthu amene mtsempha wawo umawonongeka pomwe mphamvu ya madzi sinapitirire 21 mmHg. Pa kafukufuku wa mumzinda wa Tajimi ku Japan, odwala mtundu wofalawu oposa 90 pa 100 alionse anali otere. Izi zinachititsa ofufuza kufunsa kuti chimachitika n'chiyani pakati pa kupanikizika kwa mtsempha ndi imfa ya selo. Mayankho amene apezeka ndi angapo: kuchepa kwa magazi ofika pamutu wa mtsempha, kufooka kwa tiziwalo topanga mphamvu m'selo, kutsekeka kwa njira imene zakudya za selo zimayendamo kuchokera ku ubongo, ndiponso mauthenga a chitetezo cha m'thupi otchedwa ma cytokine.

Kodi ma cytokine n'chiyani?

Ndi timapuloteni ting'onoting'ono timene maselo amatulutsa pofuna kuuza maselo anzawo zochita. Selo likavulala kapena likakumana ndi kachilombo, maselo oyandikana nalo amatulutsa timapuloteni timeneti, ndipo timakamatirira pa zolandirira uthenga zimene zili pakhungu la maselo ena. Uthengawo ukhoza kulamula selo kuti liitane anzake, lichulukane, lidzilimbitse kapena lidziphe. Odziwika kwambiri pa nkhani ya glaucoma ndi TNF-alpha, ma interleukin monga IL-1 ndi IL-6, TGF-beta2 ndi CNTF. Chofunika kukumbukira n'chakuti tanthauzo la uthenga limadalira selo limene laulandira, cholandirira chimene wamatirirapo, kuchuluka kwake komanso nthawi imene wafika.

Ndani amatulutsa mauthengawa m'diso?

Retina ndi mbali ya ubongo imene inatulukira kunja mwana akukula m'mimba, ndipo mofanana ndi ubongo, ili ndi mpanda umene umaletsa maselo ambiri a m'magazi kulowamo mwachisawawa. Chifukwa cha ichi, ntchito yolondera imagwiridwa makamaka ndi maselo okhala momwemo, a mitundu itatu.

Maselo a microglia ndi alonda enieni a chitetezo. Nthawi ya mtendere amakhala ndi nthambi zambiri zopyapyala zimene zimangofufuzafufuza malo owazungulira, koma akamva kuvulala amapinda nthambizo, amanenepa, amasunthira pamalo povulalapo n'kuyamba kutulutsa ma cytokine. Maselo a astrocyte amakuta ulusi wa mtsempha, makamaka pa lamina cribrosa, ndipo amaudyetsa. Maselo a Müller amapezeka mu retina mokha, ndipo amatambalala kuchokera pansi mpaka pamwamba pa kachikopako, akumachotsa zinyalala ndi mankhwala otsala amene angawononge maselo a ganglion. M'mbewa za mtundu wa DBA/2J, zimene zimadwala glaucoma zokha zikamakalamba, maselo a microglia amagalamuka pamutu wa mtsempha maselo a ganglion asanayambe kufa, zimene zikusonyeza kuti sikuti amangobwera kudzatola mitembo.

N'chifukwa chiyani TNF-alpha imatchulidwa kwambiri?

Chifukwa umboni wosonyeza kuti imawononga unasonkhanitsidwa mwadongosolo, kuyambira m'mbale za m'labotale mpaka m'maso a anthu. Mu 2000, Gülgün Tezel ndi Martin Wax anakuza maselo a ganglion ndi maselo owathandiza aja m'chotengera chimodzi, pamagawo awiri osiyana, moti sankakhudzana koma ankasambira m'madzi amodzi. Atawamana mpweya ndi chakudya, kapena atawapanikiza ndi mphamvu yokwera, maselo othandizawo anathira TNF-alpha yambiri m'madzimo, ndipo maselo a ganglion anayamba kudzipha. Ataikamo mankhwala omanga TNF-alpha, imfazo zinachepa kwambiri. Kuyesa kumeneku kunaonetsa kuti kupanikizika kungaphe selo la ganglion kudzera mwa selo limene limayenera kulisamalira. Chaka chotsatira, gulu lomweli linapeza TNF-alpha yochuluka ndi cholandirira chake chotchedwa TNFR1 mu retina ya anthu amene anamwalira ali ndi glaucoma.

Mu 2006, Toru Nakazawa ndi anzake ku Boston anatsatira ndondomeko ya zochitika m'mbewa zimene anazikwezera mphamvu ya madzi a m'diso. Choyamba TNF-alpha inakwera, kenako maselo a microglia anagalamuka, pambuyo pake maselo amene amakuta ulusi wa mtsempha ndi mafuta otchedwa myelin anayamba kufa, ndipo pomalizira pake penipeni maselo a ganglion anatsatira. Atabaya TNF-alpha m'maso abwinobwino, zomwezo zinachitika ngakhale kuti mphamvu ya madzi sinakwere. Mu 2012 ofufuza ena anapereka etanercept, mankhwala omanga TNF amene amathandiza odwala nyamakazi, kwa makoswe okhala ndi glaucoma, ndipo maselo ambiri a ganglion anapulumuka pomwe mphamvu ya madzi inali yokwerabe.

TNF-alpha siigwira ntchito yokha. Mu 2017, Shane Liddelow ndi gulu la Ben Barres ku yunivesite ya Stanford anasonyeza kuti maselo a microglia akatulutsa zinthu zitatu pamodzi, TNF, IL-1 alpha ndi puloteni ya C1q, maselo a astrocyte amasiya ntchito yawo yosamalira n'kuyamba kutulutsa zinthu zakupha maselo a mitsempha. Mu 2020 zinaonekanso kuti mbewa zosatha kupanga zinthu zitatuzi zimasunga maselo a ganglion ambiri ngakhale mphamvu ya madzi ikwezedwe.

Ndiye kuti ma cytokine onse ndi adani a diso?

Ayi, ndipo apa m'pamene nkhani zambiri zofalitsidwa mwachidule zimasocheretsa anthu. TNF-alpha yomweyo ili ndi zolandirira ziwiri. Ikamatirira pa TNFR1 ikhoza kuyambitsa imfa ya selo, koma ikamatirira pa TNFR2 imadzutsa njira zolimbitsa selo. Pa kafukufuku wa mu 2002 wokhudza mbewa zimene retina yake inamanidwa magazi, mbewa zopanda TNFR1 zinasunga maselo ambiri, pamene zopanda TNFR2 zinataya maselo ambiri kuposa mbewa wamba. Mu 2006, Rebecca Sappington ndi David Calkins anapeza kuti IL-6, imene m'matenda ena imadziwika ndi kukolezera kutupa, inateteza maselo a ganglion amene anapanikizidwa m'labotale.

Chodabwitsa kwambiri chinaoneka mu 2000, pamene magulu awiri, lina ku Boston lina ku Germany, anapeza kuti akakanda dala galasi la m'kati mwa diso la khoswe amene mtsempha wake wavulazidwa, maselo a ganglion ambiri amapulumuka ndipo ena amayamba kumeretsa ulusi watsopano. Kutupa kumene kukandako kumayambitsa n'kumene kumabweretsa phinduli. Pambuyo pake zinadziwika kuti zina mwa zinthu zochititsa zimenezi ndi puloteni ya oncomodulin yochokera m'maselo a chitetezo, komanso CNTF ndi LIF, ma cytokine a banja limodzi ndi IL-6 amene maselo a astrocyte ndi a Müller amatulutsa.

Zikuoneka kuti mauthenga oyamba, amene amabwera kuvulala kukangochitika, nthawi zambiri cholinga chawo chimakhala kukonza. Vuto la glaucoma n'lakuti kupanikizikako sikutha, kotero alonda aja amakhala ogalamuka kwa zaka zambiri, ndipo mauthenga amene akanathandiza kwa masiku ochepa amasanduka owononga. Ife tikuona kuti mfundo imeneyi ndi imene iyenera kutsogolera aliyense wowerenga nkhani za kafukufukuyu: funso lothandiza si lakuti cytokine iyi ndi yabwino kapena yoipa, koma lakuti ikulankhula ndi selo liti, kudzera pa cholandirira chiti, ndipo pa nthawi iti ya matenda.

Kodi ma cytokine amakhudzanso mphamvu ya madzi yeniyeniyo?

Inde. Kuyambira mu 1994, ofufuza akhala akupeza TGF-beta2 yochuluka m'madzi a kutsogolo kwa diso mwa odwala mtundu wofala wa glaucoma. Cytokine imeneyi imalamula maselo a trabecular meshwork kuti aunjike mapuloteni olimba pakati pawo, ndipo kanjira kotulukira madzi kamauma n'kuthina. Imachititsanso maselo a pa lamina cribrosa kusintha kamangidwe ka malowo. Koma TGF-beta2 yomweyo ndi imodzi mwa zinthu zimene zimakhazika pansi chitetezo cha m'thupi m'diso kuti chisamayambitse kutupa pa chilichonse, choncho kuichotseratu kungabweretse vuto lina.

Kodi glaucoma ndi matenda amene chitetezo chimaukira thupi lake lomwe?

Madokotala saiika m'gulu limenelo, ngakhale kuti pali zizindikiro zosonyeza kuti mwa odwala ena chitetezo chimatengako mbali. M'magazi a odwala ena mumapezeka asilikali olimbana ndi mapuloteni otchedwa heat shock proteins, amene maselo amapanga akakhala pamavuto, ndipo mabakiteriya nawonso ali ndi mapuloteni ofanana nawo. Mu 2018, gulu la Dong Feng Chen ku Boston linasonyeza kuti mphamvu ya madzi ikakwera kwa kanthawi m'maso a mbewa, maselo a chitetezo otchedwa T amalowa mu retina ndipo maselo a ganglion amapitiriza kufa ngakhale mphamvuyo itatsika kale. Mbewa zoleredwa mopanda mabakiteriya alionse m'thupi sizinawonongeke motero. Komabe, monga tafotokozera pa funso lija la ma cytokine oteteza, chitetezo chili ndi nkhope ziwiri: Michal Schwartz wa ku Weizmann Institute ku Israel anasonyeza mu 1999 kuti maselo ena a T amateteza mtsempha wa diso wovulala.

Ngati kutupa kumawononga, bwanji osangodontheza mankhwala a steroid m'maso?

Funso ili ndi lofunika kuposa onse pa moyo wa tsiku ndi tsiku, ndipo yankho lake ndi chenjezo. Mankhwala a steroid monga dexamethasone, betamethasone ndi prednisolone amakweza mphamvu ya madzi a m'diso mwa anthu ambiri chifukwa amathinitsa kanjira kotulukira madzi kaja. Kafukufuku wa Mansour Armaly ndi Bernard Becker wa m'zaka za m'ma 1960 anasonyeza kuti anthu akadontheza mankhwalawa kwa milungu inayi kapena isanu ndi umodzi, pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse mphamvu yake imakwera ndithu, ndipo pafupifupi 5 pa 100 alionse imakwera kwambiri. Mwa anthu amene ali kale ndi glaucoma, ambiri amakhudzidwa, ndipo ana nawonso ali pachiopsezo chachikulu. Munthu amene amadzigulira mankhwala otere chifukwa maso akuyabwa, n'kumadontheza miyezi yambiri chifukwa akumva bwino, akhoza kudziyambitsira glaucoma osamva ululu uliwonse. Pali matenda a maso, monga kutupa kwa m'kati kotchedwa uveitis, amene amafunikadi steroid, koma pamenepo dokotala amayeza mphamvu ya madzi pafupipafupi.

Mankhwala omanga TNF nawonso si oti angoperekedwa kwa wodwala glaucoma. Amafooketsa chitetezo cha thupi lonse moti TB yobisala ikhoza kudzuka, ndipo nthawi zina amayambitsa kuwonongeka kwa myelin, ngakhale mu mtsempha wa diso womwewo. Mankhwala a gulu limeneli otchedwa lenercept atayesedwa pa odwala multiple sclerosis, matenda owononga myelin, lipoti la mu 1999 linasonyeza kuti matendawo ankabuka pafupipafupi mwa amene anawalandira. Mankhwala amene amatseka mauthenga opita ku TNFR1 ndi TNFR2 nthawi imodzi amachotsa chowononga pamodzi ndi choteteza.

Ndi mankhwala ati oteteza maselo a ganglion amene ayesedwa pa anthu?

Kuyesa kwakukulu kunali kwa memantine, mankhwala amene amaperekedwa kwa odwala Alzheimer, matenda a muubongo ochititsa kuiwala. Sagwira ntchito kudzera mu ma cytokine, koma mbiri yake inaphunzitsa ofufuza onse. Odwala pafupifupi 2,300 anatsatiridwa kwa zaka zinayi, ndipo zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mokwanira mu 2018, zinasonyeza kuti mankhwalawo sanachedwetse matenda. Kafukufuku wa mu 2011 anayerekezera brimonidine ndi timolol, mankhwala awiri odontheza otsitsa mphamvu ya madzi, mwa odwala amene mphamvu ya madzi sinali yokwera, ndipo amene ankadontheza brimonidine anataya kuona mocheperapo, koma ambiri a iwo anasiyira panjira chifukwa mankhwalawo ankawayabwa, kotero zotsatirazo n'zovuta kuzidalira.

Pa ma cytokine enieni, CNTF ndi imene yapita patsogolo. Popeza puloteni yobayidwa m'diso imatha msanga, ofufuza anapanga kabotolo kakang'ono kotchedwa NT-501, kamene kamasokereredwa m'kati mwa diso. M'kabotolomo muli maselo amoyo osinthidwa kuti azipanga CNTF, ndipo khoma lake lili ndi timabowo tolola chakudya kulowa ndi CNTF kutuluka, koma toletsa maselo a chitetezo kulowa kukapha maselowo. Mu March 2025 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linavomereza kachipangizoka pa matenda ena a retina otchedwa macular telangiectasia type 2. Pa glaucoma kayesedwa pa odwala ochepa ku Stanford, koma sikanavomerezedwe. Mankhwala odontheza a nerve growth factor, puloteni yothandiza maselo a mitsempha kukula imene Rita Levi-Montalcini ndi Stanley Cohen analandirira mphoto ya Nobel mu 1986, anavomerezedwa pa matenda a kutsogolo kwa diso, ndipo pa glaucoma angoyesedwa pa gawo loyambirira loona ngati ali otetezeka.

Anthu ambiri amafunsanso za nicotinamide, mtundu wa vitamini B3, imene mu 2017 inateteza maso a mbewa za DBA/2J pothandiza tiziwalo topanga mphamvu m'selo. Kuyesa pa anthu ochepa ku Melbourne mu 2020 kunapereka zizindikiro zolimbikitsa, koma mlingo wake unafika magalamu atatu patsiku, ndipo mlingo wotere ukhoza kuwononga chiwindi. Si chinthu choti munthu ayambe yekha.

N'chifukwa chiyani zimene zimatheka pa mbewa zimakanika pa anthu?

Pa nyama, wofufuza ndi amene amayambitsa matenda, amadziwa tsiku limene ayambira, ndipo kawirikawiri amapereka mankhwala tsiku lomwelo kapena matenda asanayambe. Munthu amafika kwa dokotala matenda atakhala m'diso zaka zambiri, pamene mauthenga a chitetezo asintha kale kangapo. Diso la mbewa lilibenso lamina cribrosa yolimba ngati ya munthu. Komanso wofufuza akhoza kuchotsa retina ya nyama n'kuwerenga maselo otsala, pamene pa munthu amadalira makina a OCT oyeza kukhuthala kwa ulusi ndi mayeso a kuona kwa m'mbali, amene wodwala amayang'ana kadontho kamodzi n'kumadina batani akaona kuwala. Zotsatira za mayeso amenewa zimasinthasintha malinga ndi kutopa kwa munthu. Pomaliza, sikungakhale chilungamo kumana wodwala aliyense mankhwala otsitsa mphamvu ya madzi, kotero mankhwala atsopano ayenera kuonetsa phindu lowonjezera pa chithandizo chimene chikugwira kale ntchito, ndipo izi zimafuna odwala ambiri ndi zaka zambiri.

Kodi kuteteza maselo kungabwezeretse kuona kumene kunatayika?

Kuteteza kumapulumutsa maselo amene akadali moyo. Ena mwa iwo amakhala odwala, atapinda nthambi zawo ndipo akutumiza uthenga mofooka, ndipo amenewa akhoza kutsitsimuka pang'ono. Kumeretsanso ulusi umene unaduka ndi nkhani ina, yovuta kwambiri, chifukwa ulusiwo uyenera kuyenda mtunda wonse mpaka ku ubongo n'kukalumikizana pamalo oyenera. Zimene tatchula za kukanda galasi la diso la khoswe ndi mbali ya kafukufuku ameneyu, amene akadali pa nyama.

Nanga wodwala achite chiyani pakali pano?

Apitirize kudontheza mankhwala otsitsa mphamvu ya madzi monga latanoprost kapena timolol tsiku lililonse monga anauzidwira, ngakhale asakumva kusintha kulikonse, ndipo asaphonye masiku okayezetsa. Ngati kudontheza kukumuvuta, afunse za chithandizo cha laser chotchedwa SLT, chimene kafukufuku wa LiGHT wa ku Britain anasonyeza mu 2019 kuti chikhoza kukhala chithandizo choyamba, kapena za opaleshoni. Auze dokotala wa maso za steroid aliyense amene akugwiritsa ntchito, kaya wakumwa, wopaka, wopopera m'mphuno kapena wa mphumu. Auzenso abale ake a magazi amodzi, makamaka obadwa nawo ndi ana ake, kuti akayezetse, chifukwa matendawa amayenda m'banja.

Kodi n'zotheka kuyeza ma cytokine m'magazi kapena m'misozi kuti adziwe ngati glaucoma ikukula?

Pakali pano palibe mayeso otere amene amagwiritsidwa ntchito m'chipatala. Ma cytokine a mu retina amagwira ntchito pamalo aang'ono kwambiri, kuseri kwa mpanda uja wolekanitsa retina ndi magazi, kotero kuchuluka kwawo m'magazi kumasonyeza zochitika za thupi lonse, monga chimfine, shuga kapena nyamakazi, kuposa za m'diso. Madzi a kutsogolo kwa diso ali pafupi ndi vutolo, koma amatengedwa ndi singano, kawirikawiri pa nthawi ya opaleshoni, ndipo amafotokoza zambiri za trabecular meshwork kuposa za mtsempha umene uli kumbuyo.

Misozi ndi yosavuta kutenga, koma ili ndi chosokoneza chake. Mankhwala ambiri odontheza a glaucoma ali ndi benzalkonium chloride, imene imaikidwamo kuti mabakiteriya asamere m'botolo. Ikagwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri imayambitsa kutupa kwa pamwamba pa diso ndipo imakweza ma cytokine monga IL-6 ndi IL-8 m'misozi. Choncho wofufuza akapeza ma cytokine ochuluka m'misozi ya wodwala, ayenera kusiyanitsa kaye zimene zachokera ku matenda ndi zimene zachokera ku botolo la mankhwala, ndipo n'chifukwa chake kafukufuku wodalirika pa nkhaniyi amafuna odwala ongopezeka kumene ndi glaucoma, amene sanayambe kudontheza chilichonse.